Pulogalamu Imawerengedwanso ndi Anthu: Kuyeza ndi Kukonza Malemba a Kompyuta

Mawu oyamba

Pa 1 Ogasiti 2012, kampani yogulitsa masheya ya ku America yotchedwa Knight Capital inataya madola opitirira 400 miliyoni m'mphindi pafupifupi 45 zokha. Sikuti kunabwera akuba kapena moto ayi. Chinapha kampaniyi ndi mizere yakale ya pulogalamu ya kompyuta imene anasiya kuigwiritsa ntchito mu 2003 koma osaifufuta. Akatswiri a kampaniyi atalemba gawo latsopano, anagwiritsanso ntchito chizindikiro chimene kale chinkadzutsa gawo lakalelo. Kenako anaika pulogalamu yatsopanoyo m'makompyuta asanu ndi awiri, n'kuiwala imodzi mwa makompyuta asanu ndi atatu amene ankagwira ntchitoyo. Msika utatsegulidwa, kompyuta yoiwalidwayo inadzutsa gawo lakale lija ndipo linayamba kugula ndi kugulitsa masheya mosalekeza. Chaka chotsatira, kampaniyi inaphatikizidwa ndi ina yotchedwa Getco.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti pulogalamu ikhoza kumayenda bwino tsiku ndi tsiku koma m'kati mwake muli zoopsa. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza momwe akatswiri amayezera ngati pulogalamu ili yosavuta kuimvetsa ndi kuikonza, komanso njira zimene amatsata kuti ikhale yotero. Tionanso kuti mafunso amene iwo amalimbana nawo ndi omwewo amene ife ophunzira za zilankhulo timakumana nawo poyeza malemba a anthu.

Tanthauzo la kusamalika kwa pulogalamu

Pulogalamu iliyonse imayamba ngati malemba. Munthu amakhala pansi n'kulemba malangizo m'chilankhulo monga C, Java kapena Python, ndipo malembawa amatchedwa source code. Kompyuta ilibe nazo kanthu kuti malembawo ndi omveka kapena ayi, bola akhale otsata malamulo a chilankhulocho. Koma munthu amene adzabwere m'mbuyo kudzakonza cholakwika kapena kudzawonjezera china ayenera kuwerenga ndi kumvetsa asanasinthe ngakhale mzere umodzi. Khalidwe la pulogalamu lolola munthu kuimvetsa ndi kuisintha popanda kuwononga zina ndi limene pa Chingerezi amati maintainability. M'nkhani ino tiziti kusamalika.

Mu 2011, mabungwe a ISO ndi IEC anatulutsa muyezo wa ISO/IEC 25010 umene unagawa kusamalika m'magawo asanu. Pulogalamu yosamalika ndi imene ili m'zigawo zodziimira pazokha, imene zigawo zake zingagwirenso ntchito kwina, imene munthu angaifufuze n'kupeza gwero la vuto, imene ingasinthidwe mosavuta, komanso imene ingayesedwe kuti aone ngati kusinthako kwayenda bwino.

Wina akhoza kufunsa kuti, bwanji osalemba pulogalamu kamodzi n'kuisiya? Manny Lehman, amene anafufuza mmene pulogalamu yaikulu ya IBM yotchedwa OS/360 inkakulira, anayamba kufotokoza mfundo zake mu 1974. Iye anaona kuti pulogalamu imene anthu akuigwiritsa ntchito iyenera kusinthidwa nthawi zonse, apo ayi imasanduka yosathandiza, chifukwa malamulo, mitengo ndi zofuna za anthu zimasintha. Anaonanso kuti pamene ikusinthidwa imanka nisokonekera, pokhapokha anthu atachitapo kanthu mwadala kuti aiwongole. Vuto la chaka cha 2000 linatsimikiza zimenezi. Mapulogalamu ambiri akale ankasunga chaka ndi manambala awiri okha, moti 1999 inali 99 ndipo 2000 ikanaoneka ngati 00. Pokonza vutoli, akatswiri anakakamizika kuwerenga malemba amene eni ake anali atapuma kale pa ntchito. Ndipo mu Epulo 2020, bwanamkubwa wa New Jersey, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL, chilankhulo chimene chinapangidwa mu 1959, kuti adzathandize pa makompyuta olipirira anthu amene ntchito zawo zinatha chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Njira zoyezera kusamalika

Njira yoyamba, imenenso ndi yapafupi, ndi kuwerenga mizere. Gawo la mizere 2,000 limavuta kulimvetsa kusiyana ndi la mizere 20. Komabe njirayi ndi yoperewera, chifukwa mizere khumi yolukanalukana ikhoza kuzunguza mutu kuposa mizere 100 yolunjika.

Njira yachiwiri anaibweretsa ndi Thomas McCabe mu 1976, ndipo imatchedwa cyclomatic complexity. Iye anaona kuti chimene chimatopetsa wowerenga ndi mphambano, kutanthauza malo pamene pulogalamu imasankha kupita uku kapena uko. Kuwerengera kwake n'kosavuta: werengani mphambano zonse n'kuwonjezera imodzi. Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti pali gawo la pulogalamu lowerengera fizi ya wophunzira. Gawoli likufunsa mafunso atatu: ngati wophunzirayo ali pa ngongole ya boma, ngati amagonera pa sukulu, komanso ngati wachedwa kulipira. Mphambano zilipo zitatu, choncho nambala ya McCabe ndi 4. Nambalayi imasonyeza kuchuluka kwa njira zodziimira pazokha zimene zimadutsa m'gawolo, ndipo imathandiza woyesa pulogalamu kudziwa kuchuluka kwa mayeso amene ayenera kuyambira. McCabe analangiza kuti gawo limodzi lisamapitirire 10, ndipo likapitirira ndi bwino kuligawa.

Njira yachitatu ndi imene ingasangalatse kwambiri wophunzira za zilankhulo. Mu 1977, Maurice Halstead anatulutsa buku lotchedwa Elements of Software Science, momwe anatenga pulogalamu ngati malemba opangidwa ndi mitundu iwiri ya mawu. Pali mawu ochita, monga chizindikiro chophatikizira, ndiponso mawu ochitiridwa, monga mayina ndi manambala. Tingawafanizire ndi aneni ndi mayina m'chiganizo cha Chichewa. Tiyeni titenge mzere uwu: mtengo = mtengo + msonkho. Mawu ochita alipo awiri, omwe ndi = ndi +. Mawu ochitiridwa osiyana alipo awiri, mtengo ndi msonkho, koma onse pamodzi aonekera katatu chifukwa mtengo wabwerezedwa. Choncho mawu osiyana onse ndi 4 pamene utali wa mzerewu ndi mawu 5. Kusiyanitsa kumeneku ndi komweko kumene timaphunzira m'kalasi la zilankhulo pakati pa type ndi token. Kuti apeze kukula kwa malemba, Halstead ankachulukitsa utali ndi logarithm ya mawu osiyana pa tsinde la 2. Pa mzere wathuwu, logarithm ya 4 ndi 2, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 2 ndi 10. Mfundo yake ndi yakuti malemba aatali komanso a mawu ambiri osiyanasiyana amafuna kuti wowerenga asunge zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi.

Njira yachinayi imasonkhanitsa zitatu zonsezi. Mu 1992, Paul Oman ndi Jack Hagemeister a ku University of Idaho anafotokoza muyezo wotchedwa Maintainability Index. Muyezowu umayambira pa 171, kenako n'kumachotsera malinga ndi kukula kwa Halstead, nambala ya McCabe ndi kuchuluka kwa mizere. Nambala yotsala ikakhala yaikulu, ndiye kuti pulogalamuyo ikuoneka yosavuta kusamala. Pambuyo pake kampani ya Microsoft inaika muyezowu mu Visual Studio itausintha kuti uziyambira pa 0 mpaka 100.

Kuperewera kwa manambala

Manambalawa ndi othandiza, koma ali ndi malire, ndipo chitsanzo cha m'maphunziro a zilankhulo chingatithandize kuona malirewo. Mu 1948, Rudolf Flesch anapanga muyezo woonera ngati malemba a Chingerezi ndi osavuta kuwerenga. Muyezowu umayang'ana zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mawu m'chiganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu. Liwu la maphatikizo ambiri limatengedwa kuti ndi lovuta. Tsopano tiyeni titenge liwu la Chichewa lakuti sindidzakuiwalani. Liwuli lili ndi maphatikizo asanu ndi atatu, moti muyezo wa Flesch ungaliweruze kuti ndi lovuta kwambiri. Koma mwana wa sitandade 3 amalimva popanda vuto, chifukwa m'Chichewa mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi kukana zimalowa m'liwu limodzi. Muyezowu sunalakwitse masamu. Vuto lake ndi lakuti unapangidwa poyang'ana chilankhulo china.

Ndi chimodzimodzinso ndi miyezo ya mapulogalamu. Manambala a mu Maintainability Index anapezeka poyeza mapulogalamu olembedwa mu C ndi Pascal kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Palibe chifukwa choganizira kuti manambala omwewo angayeze molondola pulogalamu ya m'chilankhulo china cha kalembedwe kosiyana. Kuwonjezera apo, miyezo yonseyi imaona maonekedwe a malemba koma siimva tanthauzo. Tikabwerera ku mzere uja n'kuulemba kuti x = x + y, nambala ya Halstead ikhalabe 10, koma wowerenga sangadziwenso kuti nkhani ndi ya mtengo ndi msonkho.

Vuto lina ndi lakuti anthu amaphunzira kunyenga muyezo. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anachenjeza mu 1975 kuti muyezo ukangoyamba kugwiritsidwa ntchito polamulira zinthu, umasiya kunena zoona. Bwana akalamula kuti gawo lililonse lisapitirire 10 pa muyezo wa McCabe, wantchito wochenjera akhoza kungodula gawo limodzi kukhala tizidutswa tisanu topanda tanthauzo. Nambala idzatsikadi, koma wowerenga adzayamba kudumphadumpha m'malo asanu kuti amve chinthu chimodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kutenga manambalawa ngati chida choyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Chimasonyeza kuti penapake pali vuto, koma wopeza matenda enieni ndi dokotala.

Njira zokonzera malemba

Choyamba ndi kusankha mayina abwino. Dzina la gawo kapena la chinthu chosungidwa m'pulogalamu lizinena ntchito yake. Apa wolemba pulogalamu amafanana ndi wolemba nkhani amene amasankha liwu loyenera kuti wowerenga asasochere. Donald Knuth anatsindika mfundoyi mu 1984 pamene anafotokoza njira yotchedwa literate programming, yolimbikitsa kuti pulogalamu izilembedwa ngati nkhani yofotokozera munthu mnzathu zimene tikufuna kuti kompyuta ichite. Ndemanga zolembedwa m'mbali mwa mizere nazo zimathandiza kwambiri zikamafotokoza chifukwa chimene chinthu chachitikira, osati kungobwereza zimene mzerewo ukunena kale.

Chachiwiri ndi kugawa bwino ntchito. Mu 1972, David Parnas anaphunzitsa kuti chigawo chilichonse chizibisa m'kati mwake chinthu chimodzi chimene chikhoza kudzasintha. Ngati kawerengedwe ka msonkho kali pamalo amodzi, boma likasintha msonkho pamasinthidwa pamodzi pomwepo. Koma ngati kamwazikana m'malo makumi awiri, n'kosavuta kuiwala amodzi, ndipo nkhani ya Knight Capital yationetsa kale mtengo wa kuiwala malo amodzi.

Chachitatu ndi kukonza kamangidwe ka malemba popanda kusintha zimene pulogalamu imachita, ntchito imene amaitcha refactoring. William Opdyke anailemba mwatsatanetsatane mu 1992, ndipo buku la Martin Fowler la mu 1999 linaifalitsa kwambiri. Ntchitoyi imadalira mayeso amene kompyuta imayendetsa yokha, kuti wokonzayo adziwe msanga ngati wathyola kanthu. M'chaka chomwecho cha 1992, Ward Cunningham anayerekeza malemba olembedwa mothamanga ndi ngongole. Kubwereka sikulakwa, koma ukachedwa kubweza chiwongoladzanja chimakula. Kwathu kuno tingati ndi katapila: kusintha kulikonse kumadya nthawi yochuluka kuposa kale, mpaka ogwira ntchito amangokhalira kulipira chiwongoladzanja osapita patsogolo.

Chachinayi ndi kuwerengerana malemba. Michael Fagan wa ku IBM anafotokoza mu 1976 dongosolo loti gulu la akatswiri lizikhala pansi n'kumawerenga malemba a mnzawo mzere ndi mzere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mnzako akalephera kumva zimene walemba lero, ndi umboni wakuti mlendo wobwera patapita zaka khumi adzalepheranso.

Chomaliza ndi kufufuta zimene sizikugwiranso ntchito. Mu 2014, vuto lotchedwa Heartbleed litapezeka mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza zinsinsi pa intaneti, akatswiri a OpenBSD anayambitsa nthambi yawo yotchedwa LibreSSL. Ntchito yawo yoyamba inali kuchotsa mizere masauzande ambiri yakale, chifukwa mzere uliwonse wotsala ndi malo amene cholakwika chingabisalemo.

Mawu omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti pulogalamu ili ndi owerenga awiri, kompyuta ndi munthu, ndipo kusamalika kumakhudza wowerenga wachiwiriyu. Miyezo ya McCabe, Halstead ndi Oman imaloza malo okayikitsa, koma siingalowe m'malo mwa munthu wowerenga ndi kumvetsa. Mabanki, zipatala ndi maofesi a boma amadalira malemba amene adzakhalapo nthawi yaitali kuposa amene anawalemba. Choncho luso losankha mawu, kusanja ndime ndi kuganizira wowerenga, limene timaphunzira m'maphunziro a zilankhulo ndi zolembalemba, likufunikanso kwa aliyense wolemba mapulogalamu a kompyuta.