Samalani potsika basi pa Sharpevale kutada

Msewu wa M5 umadutsa pa Sharpevale m'boma la Ntcheu, koma kumidzi yambiri ya m'chigwa cha Bwanje munthu amafikako podzera m'tinjira tafumbi. Kwa mlendo wotsika minibasi yekha kutada, chiopsezo chimayambira pamenepa.

Mbava zimasankha munthu amene maso ali pafoni, kapena amene waonetsa mpukutu wa ndalama polipira. Motero wanzeru amalawirira ulendo, ndalama zambiri amasunga ku Mpamba kapena Airtel Money, ndipo amakwera njinga ya wakabaza wodziwika pasiteji. Abale akamuchingamira ndi bwino koposa, pakuti kuyenda awiri si mantha.

Akaona kuti wina akumulondola, abwerere pomwe pali anthu n'kuimbira apolisi pa 997. Achifwamba akamupanikiza, asalimbane nawo: katundu amagulidwa, moyo ayi.