Kodi tingaone bwanji zobisika pansi pa nthaka?

Azakhali anu abwera ndi funso lokoma. Kodi pansi pa mapazi anu pali chiyani? Pali dothi, miyala ndi madzi. M'maiko ena mulinso mafuta ndi gasi!

Kodi munaonapo galimoto yokumba mjigo? Ikamaboola, timiyala timatuluka m'dzenje. Akatswiri amatitola n'kulemba kuti pakuya apa pali mwala wakutiwakuti. Madzi ambiri amene timamwa mu Lusaka amachokera m'zitsime zotere. Ofuna mafuta amachitanso chimodzimodzi, koma iwo amaboola makilomita 2, 3 kapena kuposa.

Kodi mafutawo amakhala m'dziwe lalikulu? Ayi! Amabisala m'timipata ting'onoting'ono ta m'miyala. Yesani izi. Dzazani kapu ndi mchenga wouma. Thirani madzi pang'onopang'ono. Apita kuti? Alowa pakati pa mchenga. Mafutanso amabisala motero.

Nanga munthu angalowe m'dzenjemo kukaona? Sangathe, ndi lopapatiza kwambiri. M'malo mwake amatsitsamo chida pa chingwe chachitali. Chidacho chimatumiza magetsi m'mwala. Ndiye imvani zodabwitsa! Mwala wonyowa ndi madzi amchere umalola magetsi kudutsa mosavuta. Mwala wa mafuta umawakaniza. Akamakoka chingwe, makina amajambula mzere wokhotakhota. Mzere ukalumpha, akatswiri amati, “Mwina apa pali mafuta!” Taganizani, mwala uli kutali mumdima, koma ukudziulula wokha.

Anayambitsa nzeru imeneyi ndani? Ndi anthu awiri apachibale, Conrad ndi Marcel Schlumberger. Chida chawo chinatsitsidwa koyamba m'chitsime cha mafuta ku Pechelbronn, m'dziko la France, mu 1927. Werengani, papita zaka zingati?

Kodi makutu angathandizenso? Kwambiri! Gogodani chigubu chodzaza madzi. Gogodaninso chopanda kanthu. Zikulira mofanana? Akatswiri nawo amatumiza phokoso pansi pa nthaka. Likagunda miyala limabwerera, ndipo makina amalimvetsera. Kompyuta imajambula mmene miyala yasanjikizana.

Kodi ku Zambia kuno anafufuzako? Inde. M'zaka za m'ma 1980 anaboola zitsime zakuya m'chigwa cha Luangwa, koma sanapeze mafuta oti n'kugulitsa. Dizilo wambiri amabwera kuno m'paipi ya TAZAMA. Paipiyi ndi yaitali makilomita 1,710, kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola. Anzathu a ku Mozambique anapeza gasi wochuluka pansi pa nyanja, kufupi ndi Cabo Delgado, mu 2010.

Nanga inu mungayambire pati? Kuseri kwa nyumba! Tolani timiyala tosiyanasiyana. Donthezani madzi pa kalikonse. Ndi kati kamamwa madzi msanga? Ndi kati kakukana? Lembani mayankho m'kope lanu, kenako mukawaonetse aphunzitsi. Limbikirani masamu ndi sayansi, ana anga. Dziko lathu likufuna atsikana ndi anyamata odziwa kuwerenga miyala!