Precision agriculture ndi kathiridwe ka feteleza wa nayitrojeni

Precision agriculture ndi ulimi umene mlimi amayamba wayeza zimene mbewu zikusowa m'chigawo chilichonse cha munda, kenako n'kuthira feteleza molingana ndi zimene wapezazo, osati muyezo umodzi munda wonse. Ulimiwu unafala ku United States ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990, pamene makina a GPS anayamba kuikidwa pa mathirakitala ndi pa makina okololera. Makina owongolera thirakitala alimi anawalandira msanga, koma kuthira nayitrojeni moyeza kwakhala kukuyenda pang'onopang'ono, ndipo china chochititsa ndi maganizo olakwika amene akhazikika pakati pa alimi ndi alangizi awo.

Chifukwa chake nayitrojeni ndi wovuta

Nayitrojeni sakhalitsa m'nthaka. Yuriya, amene ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, akasiyidwa pamtunda osakwiriridwa mbali ina imauluka ngati mpweya wa amoniya. Mvula ikachuluka, wina amatsika ndi madzi kupitirira pamene mizu imafika, ndipo m'nthaka yolowa madzi tizilombo ting'onoting'ono timamusandutsa mpweya. Mu 1999 William Raun ndi Gordon Johnson a ku Oklahoma State University anawerengera kuti padziko lonse, mbewu monga chimanga, tirigu ndi mpunga zimabweza m'zokolola pafupifupi 33 peresenti yokha ya nayitrojeni wothiridwa. Wambiri mwa wotsalayo amathera m'mitsinje, m'zitsime ndi mumlengalenga. Ku Gulf of Mexico, kumene mtsinje wa Mississippi umathira madzi ochokera m'minda ya chimanga, chaka ndi chaka kumakhala dera lalikulu la nyanja lopanda mpweya wokwanira nsomba.

"Kuwonjezera feteleza sikulakwa"

Awa ndiwo maganizo ozika mizu kwambiri. Kwa zaka zambiri alimi a chimanga ku America ankatsata lamulo lochokera pa kafukufuku wa George Stanford: mlimi aganize zokolola zimene akufuna, achulukitse ndi 1.2, ndipo yankho lake ndilo mapaundi a nayitrojeni pa ekala. Lamuloli linali losavuta kukumbukira, koma linapatsa anthu chithunzi chakuti zokolola zimakwera limodzi ndi feteleza mpaka kalekale. Si mmene zilili. Matumba oyamba amabweretsa phindu lalikulu, otsatira phindu locheperapo, mpaka pofika pamene thumba lowonjezera silibwezanso ndalama zake. Komanso nthaka payokha imapereka nayitrojeni kuchokera ku zinyalala zowola, ndipo kuchuluka kwake kumasintha chaka ndi chaka malinga ndi mvula ndi kutentha. Nthawi zina munda wachonde umene umabereka kwambiri ndi umene umafuna feteleza wochepa. N'chifukwa chake chapakati pa zaka za m'ma 2000 mayunivesite a ku Iowa, Illinois, Minnesota ndi madera oyandikana nawo anasinthira ku njira yotchedwa MRTN, imene imayerekeza mtengo wa feteleza ndi mtengo wa chimanga.

Komabe mantha a mlimi ndi omveka. Chimanga chosowa feteleza chimachita chikasu ndipo aliyense wodutsa pamsewu amachiona, pamene feteleza wopita ndi madzi palibe amamuona.

"Ndi za alimi olemera okha"

Anthu akamva za ulimiwu amaganiza za masetilaiti ndi mathirakitala a makompyuta. Zipangizo zina n'zodula ndithu, koma si zonse. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, la ku Philippines, linafalitsa kachipangizo ka pulasitiki kokhala ndi mitundu inayi ya kubiriwira. Mlimi amakayandikiza ku tsamba la mpunga, ndipo tsambalo likaoneka lotuwa kuposa mtundu woyenera, ndiye kuti nthawi yothira yakwana. Ku Niger, bungwe la ICRISAT linalimbikitsa kuika magalamu ochepa a feteleza paphando lililonse la mchewere ndi mapira poyezera kachitsekerero ka botolo, kathiridwe kosasiyana kwenikweni ndi ka alimi a ku Malawi akamathira wokulitsa ndi wobereketsa phando ndi phando.

"Makinawa amayeza nayitrojeni"

Makina ngati GreenSeeker, amene anapangidwa ku Oklahoma State University, sayeza nayitrojeni ayi. Amawalitsa kuwala pa masamba n'kuyeza kumene kwabwerera, ndipo potero amadziwa mmene mbewu zabiriwirira ndi kuwirira. Koma mbewu zimathanso kuchita chikasu chifukwa chosowa salufa, chilala, madzi ochuluka kapena matenda. Ndiye mlimi amafunika kusiya kamzere kamodzi m'munda kothiridwa feteleza wokwanira bwino, kuti azifananiza nako munda wonse. Ngati kamzereko sikakusiyana ndi mbewu zina, palibe chifukwa chowonjezerera. Amene amadumpha sitepe imeneyi amapeza malangizo olakwika, n'kunena kuti makinawo ndi achabechabe.

Ku chigwa cha Yaqui m'boma la Sonora ku Mexico, alimi a tirigu ankathira makilogalamu pafupifupi 250 a nayitrojeni pa hekitala, ochuluka mwa iwo asanadzale n'komwe. Kafukufuku wa Pamela Matson, Rosamond Naylor ndi Ivan Ortiz-Monasterio wa 1998 anaonetsa kuti feteleza wocheperapo, wothiridwa pamene tirigu akumufuna, amapereka zokolola zofanana. Alimi sanasinthe msanga. Ofufuzawo anadzazindikira pambuyo pake kuti pa nkhani ya muyezo wa feteleza, mawu a mabungwe obwereketsa ndalama ndiwo ankamveka kwambiri kuposa a asayansi.

"Cholinga chake n'kuchepetsa feteleza"

Cholinga ndi kupeza muyezo woyenera, ndipo m'minda ina muyezowo ndi wokwera kuposa umene mlimi amathira. Atsogoleri a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006, anagwirizana zokweza feteleza kuchoka pa makilogalamu 8 kufika pa 50 pa hekitala, chifukwa kunoko vuto lalikulu ndi kuperewera.

Zopinga zenizeni

Si mlimi aliyense wozengereza amene walakwitsa. Kuthira moyeza kumafuna kudikira mbewu zikule kaye, ndipo masiku oyenera kuthira ndi owerengeka. Mvula ikagwa mowirikiza thirakitala singalowe m'munda, ndipo chimanga chikatalika pamafunika makina a miyendo yaitali amene alimi ambiri alibe. M'munda umene nthaka yake ndi yofanana paliponse, ndalama zopulumutsidwa pa feteleza zimatha kuchepa kuposa zolipira makina ndi katswiri wowerenga mapu a mundawo.