Kodi Mumadziwa? Anyezi wa M'thengo Woonetsa Masomphenya

Kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene abale athu ochokera ku Malawi ndi Mozambique anakhetsa thukuta m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi Chipinge, kumamera chomera chotchedwa Boophone disticha, cha tsinde longa anyezi wamkulu, chimene asing'anga akhala akumwetsa odwala kuti aone masomphenya. M'chaka cha 2005 akatswiri a ku Denmark ndi South Africa anapeza kuti m'chomeracho muli mankhwala otchedwa buphanidrine, amene amagwira mu ubongo panjira ya serotonin, pomwe pamagwiranso mankhwala amakono ochiza kupsinjika maganizo. Ndipo ofufuza a pa University of Zimbabwe anaona kuti madzi a chomerachi amachepetsa mantha mwa mbewa zoyesera. Komatu nchakupha ndithu: alenje akale ankapaka ululu wake pamivi, ndipo anthu afa atamwa mopyola muyeso.