Machira: nsalu imene chigwa cha Zambezi chinaiwala

TETE — Mayi akafuna kapulana lero amapita kumsika. Nsalu zambiri zimene amazipeza kumeneko n'zochokera ku India ndi ku China, pomwe thonje likulimidwa konkuno. Koma kale anthu a m'chigwa cha Zambezi ankavala nsalu yoomba okha. Dzina lake inali machira.

Thonje lisanafale, anthu ankavala zikopa ndi chiwondo, khungwa la mtengo wa mombo losulidwa mpaka kufewa. Kenaka kunabwera luso lopota ndi kuomba. Thonje ankalichotsa njere ndi manja, n'kulipota kukhala ulusi. Oomba, amene kawirikawiri anali amuna, ankakhoma zikhomo pansi, n'kutambasula ulusiwo, n'kumaomba atakhala pansi. Ntchito inkatenga masiku ambiri, koma nsaluyo inali yokhuthala ndi yolimba.

Wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, anatchula machira m'buku lake Ethiopia Oriental la m'chaka cha 1609. Pa nthawi imeneyo amalonda a ku Sena ndi ku Tete ankasinthanitsa nsalu ndi golide ndi minyanga ya njovu. Nsalu zambiri zinkachokera ku Gujarat, m'dziko la India, kudzera pa Chilumba cha Mozambiki. Machira ankapikisana nazo pa malondawo, chifukwa sankang'ambika msanga. Mu 1859, David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire akulima mitundu iwiri ya thonje, lamakolo ndi lochokera kunja, ndipo m'midzi yambiri anthu ankapota ndi kuomba.

M'zaka za m'ma 1800 zomwezo zinthu zinayamba kusintha. Nsalu za m'mafakitale, monga merikani wa ku America, zinafika zotsika mtengo. Nkhondo ndi malonda a akapolo zinabalalitsa midzi ya oomba. Ana analeka kuphunzira lusolo kwa makolo awo.

Thonje linabweranso, koma ndi chikwapu. Kuyambira 1938 boma la atsamunda linakhwimitsa ulimi wokakamiza. Mlimi ankapimiridwa munda, ndipo zokolola ankagulitsa kwa kampani imodzi yokha pa mtengo wolozeredwa. Wolephera ankalawa mbalamatodya m'manja mwa masupayi. Minda ya chakudya inagonera, njala inalowa m'makomo. Ena ankaphika mbewu asanabzale kuti isamere. Ena anathawira ku Nyasaland. Thonjelo linkapita kumafakitale a ku Portugal. Lamuloli linathetsedwa mu 1961.

Ufulu utabwera mu 1975, chiyembekezo chinali pa mafakitale a nsalu monga Textáfrica ku Chimoio, Texlom ku Matola ndi Texmoque ku Nampula. Fakitale yaikulu imene inayamba kumangidwa ku Mocuba sinagwire ntchito. Nkhondo inasokoneza ulimi ndi misewu, makina anakalamba, ndipo mabelo a zovala zakale, zotchedwa kalamidade, anadzaza misika. Textáfrica inatseka zitseko ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi.

Lero thonje lambiri la dziko lino limatuluka litangochotsedwa njere, n'kukaombedwa kunja. Phindu la kupota, kuomba ndi kunyika utoto limatsalira komweko. Mlimi amagulitsa thonje pa kilo, n'kudzagula nsalu pa mita.

M'midzi ya m'chigwa n'kovuta tsopano kupeza munthu wodziwa kuomba machira. Achikulire amene anamvako za lusoli kwa agogo awo akutha. Ngati aphunzitsi ndi a zachikhalidwe sawafunsa msanga, n'kulemba zimene akukumbukira, adzukulu adzakula poganiza kuti nsalu yakhala ikuchokera kusitolo kuyambira kale.