OKONZA WAILESI NDI MAFONI KU TSANGANO NDI MACANGA AKUFUNIKA BUNGWE LAO

TETE — Tsiku la msika ku Furancungo, kapena pa Ntengo-wa-Mbalame m'boma la Tsangano, simungalephere kumuona munthu ameneyu. Amakhala pa khonde la sitolo, kathebulo kali patsogolo, ndipo pamwamba pake pali mawailesi otsegulidwa, mafoni osweka magalasi, timawaya tosiyanasiyana ndi chitsulo chowotcherera chimene ena amachitenthetsa pa mbaula ya makala. Anthu amamutchula kuti wokonza wailesi, ngakhale kuti masiku ano zambiri zimene amagwira ndi mafoni, zokuzira mawu, mabatire ndi zipangizo za sola.

Amisiri oterewa alipo m'misika yathu yonse ya m'malire, koma aliyense amagwira yekha. Alibe kokadandaula, alibe kokafunsa nzeru, ndiponso amene wawonongeredwa katundu alibe kokasuma kupatula kwa mfumu kapena ku polisi. Funso limene tikufuna kuti tiganizire limodzi, abale owerenga, ndi lakuti kodi sinakwane nthawi yoti amisiri amenewa akhale ndi bungwe lao.

KUMENE LUSOLI LINACHOKERA

Pamene mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a kuno anali ku Malawi, m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, kumene anathawira nkhondo. Pobwerera kwao anasenza makasu, mapoto ndi wailesi. Wailesi inali chuma, chifukwa ndiyo inkauza anthu za mtendere, za chisankho cha 1994, za maliro ndi za mvula, kudzera pa Rádio Moçambique ya ku Tete ndi MBC ya ku Blantyre. Ikafa wailesi, mudzi unkakhala ngati wagontha, choncho mnyamata wodziwa kulumikiza waya woduka ankalemekezedwa.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zasintha kwambiri. Mafoni a m'manja anayamba ndi mCel mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel, imene inayamba mu 2012, inafikitsa netiweki kumidzi yakutali. Mu 2021 dziko lino linazimitsa njira yakale youlutsira kanema ndi kulowa njira ya dijito, imene imafuna dikoda kapena kanema wa makono. Pa kusintha kulikonse wokonza wa pa msika amayenera kuphunzira yekha, poyesa ndi kulakwitsa, ndipo nthawi zambiri amene amalipira kulakwitsako ndi mwini katundu.

CHIMENE CHILI PA CHISWE

Kale wailesi ikawonongeka, munthu ankangotaya nyimbo ndi nkhani. Lero foni ndi thumba la ndalama. Mlimi wa fodya wa ku Chidzolomondo kapena wa kachewere wa ku Tsangano amasunga zimene wagulitsa mu M-Pesa kapena e-Mola. Akasiya foni kwa wokonza ili ndi simu yake, ndipo wauzanso nambala yachinsinsi poganiza kuti ndi mmene ntchito imayendera, wasiya thukuta la chaka chonse m'manja mwa munthu wina. Amisiri ambiri ndi okhulupirika, koma mmodzi wakuba amaipitsa dzina la onse.

Palinso za sola. Ngakhale kuti damu la Cahora Bassa, limene mphamvu yake ndi mamegawati 2,075, lili m'chigawo chathu chomwechi, nyumba zambiri za kumidzi zimadalira sola ndi batire ya mavoti 12. Batire yotere imafa msanga ngati imalumikizidwa ku sola popanda kabokosi kowongolera magetsi, kapena ngati imagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu usiku uliwonse. Kusinthanitsa waya wofiira ndi wakuda kamodzi kokha kungathe kuotcha kanema kapena inveta. Banja limagula batire ina chaka chisanathe, osadziwa kuti vuto linali kalumikizidwe.

Wokonzayo nayenso ali pa ngozi. Kanema wakale wa chimsana amasunga magetsi amphamvu m'kati mwake ngakhale atazimitsidwa. Batire ya foni ikatupa, kuiboola kapena kuipinda kungabutse moto. M'mabatire akuluakulu muli asidi ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana amene amaseweretsa mabatire otayidwa kuseri kwa msika. Zonsezi zimadziwika bwino kwa ophunzira, koma palibe njira imene zimafikira kwa mmisiri wa pa khonde.

MMENE ANZATHU AMACHITIRA

Akatswiri a zamagetsi m'maiko ena anazindikira kalekale kuti luso silikula ngati aliyense abisa zake. Mu 1963 mabungwe awiri a ku America, lina la mainjiniya a magetsi lokhazikitsidwa mu 1884 ndi lina la mainjiniya a wailesi la mu 1912, anaphatikizana ndi kupanga bungwe lotchedwa IEEE. Lero lili ndi mamembala oposa 400,000 m'maiko oposa 160. M'kati mwake muli gulu loona za zipangizo za m'nyumba monga wailesi, kanema ndi foni, limene linkatchedwa Consumer Electronics Society ndipo mu 2020 linasintha dzina kukhala Consumer Technology Society.

Chopatsa chidwi ndi mmene nthambi ya gulu lotere imayambira m'dera. Sipafunika nyumba kapena galimoto. Pamafunika mamembala 12 okha osaina pempho, ndipo likavomerezedwa amasankha atsogoleri, ndi kuyamba kukumana kuti wina afotokozere anzake zimene waphunzira. Mphamvu ya nthambiyo ili pa kukumanako.

Kuno kwathu kuli Ordem dos Engenheiros de Moçambique, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, limene limalemba mainjiniya ndi kuyang'anira khalidwe lao pa ntchito. Koma limeneli ndi la anthu amene anamaliza maphunziro a uinjiniya ku sukulu zapamwamba. Wokonza foni wa pa Biri-biri, amene mwina analekeza kalasi ya 7, sangalowemo, ndipo chimodzimodzi ku IEEE kumafunika maphunziro ndi ndalama za umembala za chaka ndi chaka. Chimene tingatengeko kwa iwo si dzina ayi, koma njira yao.

KHOMO LIMENE LILI LOTSEGUKA

Lamulo nambala 8/91, la pa 18 Julayi 1991, linapatsa nzika za dziko lino ufulu wopanga mabungwe. Limafuna kuti oyambitsa akhale osachepera 10, akhale ndi malamulo olembedwa a bungwe lao, amene pa Chipwitikizi amati estatutos, ndipo apemphe boma kuti liwazindikire. Kodi pakati pa Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame ndi misika ya m'mbali mwa msewu wa m'malire sipangapezeke amisiri 10? Nanga pakati pa Furancungo ndi Chidzolomondo? Alimi a kuno anayamba kale kugwira ntchito m'magulu, ndipo amadziwa kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Amisiri angaphunzire kwa iwo, ndipo ofesi ya boma ya pa distrito ingawauze mapepala ofunika.

Asanafike n'komwe pa mapepala, angathe kuyamba kukumana kamodzi pa mwezi, tsiku losakhala la msika, ndi kugwirizana zinthu zochepa zimene aliyense angasunge.

Choyamba, kuti katundu aliyense wolandiridwa alembedwe m'buku, mwini wake apatsidwe kapepala kosonyeza tsiku, vuto ndi mtengo, mu metikali kapena mu kwacha, pakuti kuno ndalama ziwiri zimayenda limodzi ndipo mikangano yambiri imayambira pa kusintha. Chachiwiri, kuti mwini foni achotse simu ndi memori kadi asanachoke, ndipo wokonza asafunse nambala yachinsinsi ya ndalama. Chachitatu, kuti nambala ya foni ya IMEI, imene imaoneka munthu akayimba *#06#, ilembedwe m'bukumo, kuti foni yobedwa kutsidya lina la malire isadzasambitsidwe pa thebulo la membala. Chachinayi, kuti mabatire akufa asonkhanitsidwe malo amodzi otchingidwa, kutali ndi ana ndi zitsime.

Bungwe lingathandizenso pa kugula. Lero aliyense amakwera yekha ulendo wa ku Ulónguè, ku Lizulu, ku Lilongwe kapena ku mzinda wa Tete kukafuna galasi limodzi la foni, ndipo ndalama ya galimoto imaposa mtengo wa galasilo. Anthu 10 atasonkha, mmodzi angapite kukagulira onse. Angagulenso mita yabwino yoyezera magetsi ndi makina otenthetsera timagawo ta foni, zimene mmisiri mmodzi sangakwanitse. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ndipo gulu lodziwika limamveka likagogoda. Mu mzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu ya mainjiniya yokhazikitsidwa mu 2005, komanso IFPELAC imene imaphunzitsa ntchito zamanja. Mmisiri mmodzi atalemba kalata yopempha mphunzitsi, kalatayo ingathe kugona m'dirowa. Koma bungwe la amisiri a maboma awiri, lokhala ndi dzina ndi chidindo, lingapemphe kuti mphunzitsi kapena ophunzira a chaka chomaliza abwere masiku atatu kudzaonetsa kawerengedwe ka kukula kwa sola ndi batire, kapena katetezedwe ka zipangizo ku mphenzi, imene imavuta pa mapiri athu nyengo ya dzinja.

ZOYENERA KUSAMALA

Si bungwe lililonse limene limakhalitsa. Ambiri a ife taonapo magulu akutha chifukwa cha ndalama za m'bokosi, kapena chifukwa atsogoleri akana kuchoka pa mpando. Palinso chiopsezo chakuti amisiri angagwirizane kukweza mitengo ndi kutsekereza achinyamata ofuna kuyamba. Bungwe lotere lingakhale mdani wa mudzi. Chifukwa chake malamulo ake anene poyera kuti buku la ndalama liziwerengedwa pa msonkhano uliwonse, mipando izisinthidwa, ndipo membala aliyense aziphunzitsa wachinyamata mmodzi, mnyamata kapena mtsikana, pakuti ntchito ya foni imafuna maso ndi kuleza mtima, osati mphamvu za mikono.

Inunso eni katundu muli ndi mbali yanu. Mukapita ndi foni kapena wailesi kwa wokonza, funsani kapepala, chotsani simu, ndipo mufunseni ngati amakumana ndi anzake a ntchito yomweyo. Akafunsidwa kawiri katatu, mwina tsiku lina adzaitana anzake asanu ndi anayi aja kuti akhale pansi.