Phala la ana, utsi wa amayi: tiyang'anenso kuseri kwa sukulu zathu

Amayi anzanga a m'bungwe la Amayi Achikatolika, ambiri mwa inu dzina lanu lili pa ndandanda wa ophika phala pasukulu ya m'dera lanu. Tsiku lanu likakwana mumalawira kukadali mdima, mumatunga madzi, mumasonkha moto, ndipo pofika nthawi yoti ana afole ndi makapu awo, inu maso ali psuu, chifuwa chili befu. Timangoti ndi utsi, uzitha. Ine monga namwino ndi mzamba ndikufuna tikambirane za utsi umenewu, za nkhuni zimene zimautulutsa, komanso za zimbudzi ndi madzi a pasukulu, zinthu zimene timazisiyira aphunzitsi chonsecho zili m'manja mwathu.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, n'chifukwa chake pa zamaphunziro analigawa pawiri, kumpoto ndi kumwera. Ofesi yoyang'anira sukulu za kumwera ili paboma, ndipo sukuluzo anazigawanso m'mazoni, zoni iliyonse ndi mlangizi wake wa zamaphunziro amene timamutchula kuti PEA. Koma kuchokera paboma kukafika ku Khosolo kapena ku Mabilabo ndi ulendo, makamaka dzinja. Ofesi singadziwe kuti chimbudzi cha atsikana chadzadza dzulo. Amene amadziwa ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi osamalira atsikana, ndipo m'magulu amenewa ndimo muli inuyo. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi, zimbudzi ndi mijigo zakhala zikuthamangira m'mbuyo mwa chiwerengerocho mpaka lero.

Tiyambe ndi khitchini. Phala la pasukulu ndi chinthu chabwino, ndipo amene anaonapo mwana akusinza m'kalasi ndi njala sangatsutse. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002, ndipo m'sukulu zina zozungulira tauni ya Mzimba ana amalandira phala kudzera ku bungwe la Seibo. Mabungwe otere amabweretsa ufa, koma nkhuni, madzi ndi manja ophika kawirikawiri zimachokera kumudzi. Pena mwana aliyense amauzidwa kuti abwere ndi chikuni. Tawerengani nokha: sukulu ya ana 800, aliyense chikuni chimodzi pa sabata, ndiye kuti zikuni 800 pa sabata, teremu ndi teremu. Zikuni zimenezi sizigwa kumwamba. Zimachokera m'tchire la mudzi, m'mphepete mwa mtsinje, ndipo kwa amene ali kufupi, m'nkhalango ya Perekezi yomwe makala akuimaliza kale.

Moto wa pa mafuwa atatu umataya kutentha kwambiri m'mbali, n'chifukwa chake umadya nkhuni zochuluka n'kumatulutsa utsi wambiri. Mu utsiwo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timalowa mpaka mkati mwa mapapo, komanso mpweya woipa umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba zophikira umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka. Kwa ife azamba nkhaniyi ili ndi mbali ina: mayi woyembekezera amene amapuma utsi tsiku ndi tsiku ali pachiopsezo chobereka mwana wochepa sikelo, ndipo khanda lomwe lili kumbuyo kwa mayi wophika limapuma utsi womwewo ndi timapapo tosakhwima. Chibayo chimayambira pamenepo. Choncho pokonza ndandanda wa ophika, mayi wapakati ndi mayi wa khanda apatseni ntchito ina, monga kutsuka makapu kapena kufoletsa ana, ndipo musachite naye manyazi pomuuza chifukwa chake.

Sukulu zambiri zolandira phala zinapatsidwa mbaula zikuluzikulu zachitsulo zija mphika umalowa mkati. Mbaula imeneyi imafuna nkhuni zouma, zowaza bwino, zolowetsa pang'onopang'ono. Mukaithithikiza chipika chachiwisi, mpweya sudutsa, utsi umabwerera kwa inu, ndipo phindu lake lonse latha. Phulusa lichotsedwe m'mawa uliwonse. Zikumveka ngati zazing'ono, koma ndaonapo mbaula zabwinobwino zitasanduka pogonera nkhuku, amayi atabwerera ku mafuwa, chifukwa amene anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake anasamuka osaphunzitsa anzake. Khitchini nayo isakhale yotsekedwa mbali zonse ngati nkhokwe. Ndikudziwa kuti June ndi July kuno kumazizira koopsa, komabe siyani mipata m'mwamba kuti utsi uzituluka.

Nanga nkhunizo zichokere kuti? Chaka chilichonse kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April dziko lathu limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Sukulu zimadzala ndithu, ana amavala yunifomu, alendo amalankhula, zithunzi zimajambulidwa. Kenaka pitaniko mu October mukawerenge yomwe yatsala. Vuto si kudzala. Mbande zimafa pa tchuthi chachitali, pamene pasukulu palibe munthu, mbuzi ndi ng'ombe zikuyenda momasuka, chiswe chikugwira ntchito yake, kenaka moto wolusa n'kudzamalizitsa. Mwa kuona kwanga, mitengo 100 yotchingidwa ndi minga, yokhala ndi munthu woithirira ndi kulambula m'mbali mwake moto usanayambe, iposa mitengo 1,000 ya pamwambo. Mphakati umodzi ukhoza kutenga tchuthi chimodzi, wina chotsatira.

Sankhaninso mitengo mwanzeru. Keshya, mtangatanga ndi gilisidiya zimakula msanga ndipo mukadula zimaphukanso, kotero nkhalango ya sukulu simatha. Bulugama amamwa madzi kwambiri, musamudzale kufupi ndi mjigo kapena kudambo. Ngati sukulu ili ndi malo pomwe panali mitengo yachilengedwe monga mombo ndi masuku, zitsa zake nthawi zambiri zimakhala zamoyo. Mukangoteteza malowo ku moto ndi ziweto, n'kumapatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, tchire limabwerera popanda kugula mbande ngakhale imodzi. Ndipo munda wa sukulu ukadzalidwa nandolo, ana adya ndiwo, mapesi ake ouma apita kukhitchini.

Za zimbudzi tisachite nazo manyazi. Kolera yomwe inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Chimbudzi cha pasukulu chikadzadza kapena chikagwa ndi mvula, ana sasiya kudzithandiza, amangolowa patchire, ndipo mvula yotsatira imakokolera zonsezo kumtsinje komwe timatunga. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa mjigo, pamtunda wosachepera mamita 30. Pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Phulusa la kukhitchini ya phala lija ntchito yake ndi imeneyi, komanso kuthira m'dzenje kuti fungo ndi ntchentche zichepe.

Pa nkhani imeneyi dera lathu lili ndi mbiri yake. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, anzathu a CCAP Sinodi ya Livingstonia mothandizidwa ndi bungwe la WaterAid analimbikitsa ku Embangweni zimbudzi za manyowa. Dzenje limakhala losaya, pafupifupi mita imodzi. Munthu akatha kudzithandiza amathiramo dothi ndi phulusa. Likatsala pang'ono kudzadza, silabu amaisunthira pa dzenje lina, lakalelo amalikwirira n'kudzalapo mtengo wa zipatso kapena nthochi. Mtundu wina uli ndi maenje awiri osinthana, lina likugwira ntchito lina likupuma kwa chaka mpaka za mkatimo zitasanduka manyowa. Sindikunena kuti sukulu ya ana 1,000 ingadalire maenje osaya okhaokha, angadzadze msanga. Koma kunyumba za aphunzitsi ndi kusukulu za mkaka za m'maparishi mwathu njira imeneyi ndi yotheka, ndipo dzenje lililonse lakale la pasukulu likhoza kukhala malo a mtengo m'malo mokhala msampha wa ana.

Atsikana otha msinkhu amafunanso chipinda chosinthira chokhala ndi chitseko chotsekeka, ndowa ya madzi, ndi malo otayira kapena kuwotchera zogwiritsa ntchito pa nthawi ya kumwezi. Popanda chimenechi mtsikana amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo sauza munthu chifukwa chake.

Madzi ena timangowaonerera akutayika. Denga la malata la buloko ya makalasi awiri, la mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa chaka chomwe mvula yagwa mamilimita 800 limalandira malita 128,000, ndiye kuti ndowa 6,400 za malita 20. Madzi onsewa amagwera pansi, kukumba maziko a kalasi ndi kung'amba zigwembe pabwalo. Ngalande ya m'mphepete mwa denga ndi thanki imodzi sizingasunge onsewo, koma zikwanira kusamba m'manja, kukolopa zimbudzi ndi kuthirira mbande. Akumwa athiridwe klorini, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani muyeso wake.

Pa njerwa ndingonena mwachidule. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma ndi za mabungwe, chifukwa uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu yambiri. Mabuloko a simenti ndi okwera mtengo, palibe wotsutsa, koma komiti ikamauza mudzi kuti uumbe ndi kuwotcha njerwa za kalasi yatsopano, funsani ngati afufuza kaye za njerwa za dothi zosakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina amanja, zomwe sizilira moto.

Zonsezi zimafuna ndalama pang'ono, ndipo khomo lake lilipo. Sukulu za boma ndi zothandizidwa ndi boma zimalandira ndalama zotukulira sukulu zotchedwa SIG, zomwe zimayenera kugwiritsidwa ntchito motsatira dongosolo lomwe aphunzitsi, makomiti, mafumu ndi makolo agwirizana. Ndalamazo n'zochepa ndipo pena zimachedwa, komabe chomwe sichinalembedwe m'dongosololo sichigulidwa. Kuno kwathu abambo ambiri ali ku Joni, kotero pamsonkhano wa makolo mabenchi amadzadza ndi amayi, koma polankhula timasiyira abambo ochepa akutsogolo. Funsani mphunzitsi wamkulu tsiku la msonkhano wokonza dongosolo la chaka chino, ndipo popita mukhale mutawerenga kale zitseko za zimbudzi zomwe zikutsekeka, mbande zomwe zapulumuka, ndi mtengo wa timalabala ta mjigo kusitolo za paboma.